Pali Munthu pa Tsamba la Lesi

A Lekani amakhala ku Berea, m'nyumba yathu ija lifiti yake inafa chaka cha mpira wa dziko lonse. Iwo ali pamwamba penipeni ndi akazi awo ndi mwana wawo Gracious, ine ndili pansi pafupi ndi mabini a zinyalala. M'mawa timakwera teksi imodzi, minibasi ya kuno, kupita ku Pinetown, koma m'teksimo sitidziwana. Iwo amayang'ana pawindo, ine ndimayang'ana m'khosi mwa dalaivala. Tikatsika, a Lekani amasanduka a Lucky a ku Giyani.

Giyani yakeyo sanaipondepo. Anaisankha chifukwa ili kutali, kumpoto uko, ndipo Mzulu wa kuno sangakufunse kuti kwanu ndi pafupi ndi sitolo iti. Akamva Chizulu chako chikutsimphina amangoti eish, anthu a ku Limpopo. Kwawo kwenikweni ndi ku Ntcheu, cha ku Tsangano, kolima mbatata ya kachewere. Musawaseke kwambiri. Amene munali kuno masiku aja anzathu ankagona m'matenti ku Isipingo, eni dziko atathamangitsa obwera, mukudziwa chifukwa chake munthu amapinda lilime lake n'kuliika m'thumba.

Ine ndine Emmie, wokolopa pa kampani yomweyo. Ndagwira mopu zaka khumi ndi zinayi, ndipo anthu amayesa mopu ilibe makutu.

A Lekani anafika kuno mu 2009. Anayambira ku Warwick, kukankha ngolo ya katundu wa amayi a geni kuchoka kumsika kukafika pa renki ya mateksi. Kenako anapeza ntchito ku Pinetown, pa kampani yopikulitsa nsalu. Zaka zisanu ndi ziwiri ankasenza mipukutu paphewa. Amene simunanyamulepo mpukutu wa nsalu ya makatani musayankhulepo: umalemera kuposa thumba la simenti, ndipo ulibe pogwira. Msana unayamba kudandaula, kenako unakaniratu. Mpaka lero akafuna kumanga nsapato amayamba apemphera.

Chinawapulumutsa ndi chidwi. Nthawi ya chakudya anzawo akamasewera makhadi, iwo ankaima kumbuyo kwa munthu wa makompyuta amene ankabwera kuchokera ku Jozi, kumuyang'ana zala. Tsiku lina pulinta inakana, lole ili pageti, munthu wa ku Jozi ali ku Jozi. A Lekani anapukuta manja, anazimitsa, anawerenga mpaka khumi, anayatsa. Pulinta inalavula mapepala. A Lewis, manijala wathu, anawayang'ana ngati aona mbuzi ikuwerenga nyuzipepala. Mwezi wotsatira a Lucky anali ndi mpando wa matayala, pakona, pafupi ndi kabati ya kompyuta yaikulu imene imalira tsiku lonse ngati filiji.

Satifiketi alibe. Ali ndi mpando. Ndipo nkhani yonseyi ndi ya mpandowo, chifukwa akauchoka kulibe kwina kopita koma ku mipukutu, ndipo msana wawo unanena kale mawu ake.

Tsopano ndikufotokozereni za kompyuta mmene ndinazimvera ndikukolopa. Pa kampani pathu mtundu uliwonse wa nsalu uli ndi tsamba lake m'kompyuta, eni ake amati rekodi. Patsambapo pamalembedwa kuti nsalu yakutiyakuti yatsala mipukutu ingati. Wogulitsa akatsegula tsamba kuti achotsepo zimene wagulitsa, kompyuta imalikiya kuti wina asalowemo, kuopa kuti anthu awiri angagulitse mpukutu umodzi. Zili ngati chimbudzi cha m'nyumba yathu: wina akalowa amakhoma, winawe umadikira panja ukuvina. Akatuluka, iwe n'kulowa. Nzeru yabwino. Vuto limabwera wina akalowa n'kukhazikika momwemo.

Zinayamba mu Malichi chaka chatha. Zodwa, wogulitsa wamkulu pakauntala, mayi wa ku Umlazi wa mawu ofika kumsewu, anafuna kugulitsa lesi yoyera. Kabokosi kofiira kanatulukira pa sikirini: Record locked by COUNTER. Kunena kuti tsambali lakiyidwa, ndipo wakiya ndi COUNTER. Tsono COUNTER si munthu. Ndi dzina limodzi limene ogulitsa onse asanu ndi mmodzi amalowera m'kompyuta, chifukwa a Lewis anati mayina ambiri ndi chisokonezo. Mawu ake achinsinsi analembedwa pakapepala n'kumatidwa pakhoma, kuti chinsinsicho chisasowe.

"Lucky!" anakuwa Zodwa.

A Lekani anachita chomwe chija chinawapatsa mpando. Anazimitsa kompyuta yaikulu, anayatsa. Kampani yonse inaima mphindi makumi anayi, makasitomala akudzikupiza ndi mapepala. Tsamba linatseguka. Pasanathe ola linakiyidwanso.

Anaimbira foni a ku Jozi. Iwo anawasonyeza kotsegula mndandanda wa masamba okiyidwa, ndi batani lothamangitsira munthu amene wakhalitsa m'kati. Anawachenjeza kuti aziyang'ana kawiri asanadine, chifukwa wothamangitsidwayo amataya zonse zimene sanasunge. A Lekani anayang'ana kamodzi. Pamndandanda panali COUNTER, COUNTER, COUNTER, onse nkhope imodzi. Anathamangitsa wapakati. Wapakatiyo anali Zodwa, ali m'kati molemba oda ya yunifolomu ya sukulu ina, mizere makumi atatu. Zimene Zodwa ananena sindingazilembe, koma ndinaphunzirapo Chizulu chatsopano.

Zinapitirira choncho masabata asanu. Lolemba lina a Lewis anawaitana. Ine ndinali ndikupukuta chitseko cha ofesi, chitseko chimene chimada kwambiri kukakhala nkhani. Ankayankhula Chingerezi, ndikukutembenuzirani.

"Lucky, ndakupirira mokwana. Pofika Lachisanu undiuze chimene chikukiya masamba anga. Ukalephera ndiitana munthu wa masatifiketi ake, iwe ubwerera kumbuyo kukasenza. Sharp?"

"Sharp, bwana."

Anatuluka atagwira m'chiuno, ngati msanawo wamva kale.

Apa ndiyenera kukuuzani za Aminah. Aminah amakhala kumapeto kwa kauntala, wa mpango kumutu, wosayankhulayankhula, wa zala zachangu. Pa kampani amadziwika kuti ndi wa ku Chatsworth, kuja kuli Asilamu akuda a kalekale. Iye sanawauze choncho, anangosiya kuwatsutsa. Kwawo ndi ku Mangochi, kwa Namwera. Anandiuza yekha tsiku lina atandimva ndikutukwana mopu m'Chichewa, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. A Lekani nawonso anandilumbiritsa chimodzimodzi kalekale. Mapepala awo enieni osonyeza kwawo ali m'kabati ya a Lewis, koma a Lewis satsegula kabati imene sikufuka utsi. Ndiye kwa zaka zitatu ndinkawaona awiriwa m'mawa uliwonse akupatsana moni wa Chizulu. "Sawubona, sisi." "Yebo, bhuti." Yebo ndiye inde wa kuno. Wa ku Ntcheu ndi wa ku Mangochi, aliyense akupotoza pakamwa kuti mnzake asamugwire. Anthu amati Emmie sasunga chinsinsi. Ndinasunga ziwiri, ndipo ndinanenepa nazo.

A Lekani si munthu wachangu, koma amalemba. Masabata asanu onsewo ankayenda ndi kope limene analanda kwa Gracious, ndipo kabokosi kofiira kakatuluka ankalemba tsiku, nthawi ndi dzina la nsalu. Lolemba lomwelo anakhala nalo pansi. Anaona kuti kompyuta yathu ndi yosankha. Sinakiyepo nsalu ya makatani kapena ya maovolosi. Inkakiya lesi yoyera, lesi yagolide, ndi nsalu yakuda yofewa ija amasokera mikanjo ya amayi achisilamu. Ndipo inkadwala Lachiwiri ndi Lachitatu pokha.

Anabwera m'kachipinda kanga ka mamopu, komwe ndi kokhako Chichewa chimaloledwa pa kampani pathu.

"Anti Emmie, matenda odziwa kalendala si matenda. Pali wina akuchita."

"Ndiye mwapeza mfiti, bambo a Gracious?"

"Mfiti yokonda lesi."

"Yambani ndi Zodwa."

"Inu mukufuna ndife?"

Kunena zoona ine sindinkadziwa kuti ndani, ndipo zinandiwawa kuti pa kampani pangachitike chinthu chondidutsa.

A ku Jozi anawauzanso kuti pamndandanda uja, chakumapeto, pamakhala nambala ya kompyuta imene yakiya. Lachiwiri m'mawa lesi yoyera inakiyidwa, nambala inati 4. A Lekani anawerenga makompyuta pakauntala. Pa yachinayi panali Zodwa, akugulitsa mabatani a malaya, wosalakwa ngati khanda. Anatsala pang'ono kumufunsa, koma anakumbukira Chizulu chija. Kenako anakumbukiranso kuti madzi osefukira a 2022 atalowa m'kampani, makompyuta tinawanyamula kukaika pamwamba, ndipo pobwezera aliyense anangotola imene inali pafupi. Manambala anasokonekera pomwepo.

Ndiye masana onse a Lachiwiri a Lekani anakwawa pansi pa kauntala, kutsatira chingwe chilichonse kuchoka pa kabati ya kompyuta yaikulu, n'kumamata kapepala ka nambala. Bambo wa zaka makumi anayi ndi zitatu, msana wake umenewo, matako m'mwamba, pakati pa mapazi a amayi. Zodwa anawaponda chala, akuti mwangozi. Chingwe cha nambala 4 chinakathera kumapeto kwa kauntala.

Lachitatu masana Aminah anapita kukaswali kuseri kwa mashelefu, monga amachitira. A Lekani anakhala pampando pake. Pamwamba panali tsamba wamba la oda. Pansi pa sikirini panali kawindo kena kobisika. Anakadina. Linali tsamba la lesi yoyera, lotsegula kuyambira dzulo m'mawa, palibe chosinthidwa. Koma m'kabokosi kolembamo ndemanga munali mawu awiri osasungidwa: pali munthu.

Amene munakwerapo minibasi kwathu, kapena kulowa m'tchalitchi mochedwa, mukuwadziwa mawu amenewa. Ukafuna kukhala pamalo opanda munthu, wapafupi amaikapo dzanja n'kunena kuti pali munthu. Munthuyo sukumuona, mwina akanali kumsika, koma umapita kukakhala kwina.

A Lekani anaiwala Giyani. Anaseka, n'kuwerenga mokweza ndi lilime lonse la ku Ntcheu: "Pali munthu! Aaa, koma zinazi!"

Aminah anali kumbuyo kwawo, mkeka uli m'khwapa. Mwamwayi Zodwa anali pa foni. Ine ndinaona kuti zipsa, ndinawakankhira onse awiri m'kachipinda ka mamopu n'kutseka chitseko.

Anayang'anana kaye.

"Ndinu a kuti?" anafunsa Aminah.

"Ntcheu. Inu?"

"Namwera." Anatembenukira kwa ine. "Anti, munkadziwa?"

"Munandilumbiritsa nonse. Ndikanatani?"

"Zaka zitatu ndikuvutika ndi sawubona kwa munthu wa mbatata!"

"Achemwali, za mbatata tikambirana," anatero a Lekani. "Tandiuzani, munthu ali pa lesiyu ndani? Chifukwa mpando wanga ukupita naye."

Munthuyo anali Shamim, mayi wa geni wa ku Mangochi amene amabwera pa basi kudzapikula nsalu za maukwati. Amayi ngati iyeyo amayenera kufika Lachiwiri, koma pa boda palibe amene amalonjeza. Amaimba foni ali m'njira: Aminah, ndisungire lesi, mkwatibwi anaona kale chithunzi. Aminah nzeru yakeyi anaitola mwangozi. Tsiku lina anasiya tsamba lotsegula popita kukaswali, pobwera anapeza Zodwa akulephera kugulitsa. Basi.

"Ndi ndowa pa mjigo, achimwene," anatero Aminah. "Umaika ndowa pamzere n'kupita kukaphika ndiwo. Ndani amachotsa ndowa ya mwini? Ine sindinabe kanthu. Nsaluyo imagulidwa ndithu."

"Nanga mawuwa munalembera ndani?"

"Ndinadzilembera ndekha, kuti ndisatseke moiwala. Ndikanadziwa bwanji kuti a ku Giyani amawerenga Chichewa?"

"Dzulo mukundiona ndikukwawa pansi paja, munangokhala chete?"

"Ndinakupatsani njira. Ndinasuntha miyendo."

"Pajatu ndinazimitsa kampani yonse chifukwa cha inu."

"Ee, ndinaona. Munandivutitsa, ndinachita kutsegulanso."

Ine ndinaseka mpaka ndinakhalira ndowa. Koma kuseka kunatha a Lekani atamuuza Aminah za Lachisanu. Iye za mpando zija ankayesa ndi nthabwala. Anayang'ana pansi, kenako anafunsa: "Ndiye mukawapatsa a Lewis dzina langa?"

Tonse atatu tinkadziwa mmene zikanamvekera pakauntala: obwera akusungirana katundu. Zikanayamba ndi Aminah, koma sizikanathera pa iye.

"Shamim wanuyo ali pati?" anafunsa a Lekani.

"Watsika m'tauni. Akukwera teksi."

"Akagula, mutseke tsambalo. Lachisanu ndionana nalo ndekha."

Titatuluka, Zodwa anali akukuwa kale za lesi yoyera. A Lekani anakhala pampando wawo, anatsegula mndandanda, anauyang'anitsitsa nkhope itakwinyika ngati dokotala, dzanja lili pachibwano, osadina kalikonse. Anakhala choncho ola lathunthu mpaka Shamim analowa ndi zikwama zake, maso ali ofiira ndi ulendo. Anatenga mipukutu iwiri. Tsamba linachira lokha, ndipo Zodwa anati mwina Lucky wayamba kudziwa ntchito.

Lachinayi lonse a Lekani anali pa foni ndi a ku Jozi, akulemba m'kope. Lachisanu chitseko cha a Lewis chinada kuposa masiku onse.

"Bwana, kompyuta sikudwala," anatero a Lekani. "Tsamba likatsegulidwa n'kusiyidwa, limakhala lokiyidwa mpaka amene analitsegula alitseke. Ngakhale masiku awiri."

"Akusiya ndani?"

"COUNTER, bwana. Ndi mmene yalembera kompyuta."

"Ndikufuna dzina la munthu."

"Dzina lake ndi limenelo. Anthu asanu ndi mmodzi, dzina limodzi. Ndipo munawapatsa ndinu."

Ine ndinasiya kupukuta kuti nsanza isasokose.

A Lekani sanadikire kuti a Lewis apeze mawu. Anati aliyense pakauntala apatsidwe dzina lakelake lolowera, ndipo kapepala ka pakhoma kachotsedwe. Anati a ku Jozi avomera kukonza kuti tsamba likakhala mphindi khumi osakhudzidwa lizitseka lokha. Anawonjeza, ngati chinthu chongokumbukira, kuti m'kompyutamo muli batani losungira kasitomala katundu, lakhalamo chiyambire, palibe analidinapo.

"Kusungira?" anatero a Lewis. "Tsiku limodzi lokha, ndipo ndizivomereza ine. Zinazo chita. Koma Zodwa akakuwanso dzina lako sabata yamawa, mipukutu ikukudikira."

Zodwa sanakuwe. Sabata imeneyo, ndi yotsatira, ndi inayo. Kapepala ka nambala 4 a Lekani anakamatula tsiku lomwelo pamodzi ndi tinzake tonse, akuti tikuipitsa malo. Mpando ali nawo mpaka lero, ndipo tayala limodzi litathyoka a Lewis anawagulira lina.

Amene analuza ndi Aminah. Tsiku limodzi silikwanira basi yochokera kwathu. Mwezi wotsatira Shamim anachedwa pa boda. Batani linamasula lesi yagolide m'mawa, Zodwa anaigulitsa kwa mayi wina wa ku KwaMashu, Shamim anafika masana n'kupeza shelefu ili mbee. Mkwatibwi wa ku Mangochi anavala zina. Aminah sanawayankhule a Lekani masabata atatu. Ine ndinamuuza kuti mwana iwe, munthuyu anakusungira ntchito. Anati akudziwa, ndipo n'chifukwa chake sanawathire tiyi pa kiyibodi.

Masiku ano amapatsana moni. Aminah amati "Sawubona, bhuti" mokweza, kenako chapansipansi, "wochotsa ndowa za eni." A Lekani amati "Yebo, sisi," n'kukankha mpando ndi phazi, waa, mpaka pakona pawo.

Koma Aminah si munthu wogonja ndi batani. Lachiwiri lina ndi lina, m'kachipinda kanga mumapezeka mpukutu wa lesi utaima kuseri kwa masache, ndowa yanga itavundikira pamwamba pake. Kompyuta imati yatsala itatu, pashelefu pali iwiri. Zodwa akafunsa, a Lekani amati tsamba ndi lotsegula, za mashelefu si mbali yawo. Ndalemba zonsezi mosaopa chifukwa Zodwa sawerenga Chichewa, ndipo a Lewis sawerenga n'komwe.

A Lekani m'kachipindamo salowanso Lachiwiri. Akamadutsa amangogogoda kawiri osatsegula.

"Pali munthu?"

Ine ndimati yebo.